Zipupa Zamiyendo

Padangokhala, inu muli apo ine ndili pano, kale nyama zikadamanga nyumba ngati anthu, m'mudzi wina mudali mayi wamasiye, a Nanungu. Adali nungu wokalamba, minga yawo itayamba kale kuthothoka. Nyumba yawo idapsa ndi moto wa lupsa m'chilimwe, ndipo chimene adapulumutsa ndi tsache limodzi lokha.

Kuyambira pamenepo ankagona m'makonde mwa eni. Dzuwa likapendeka ankafika pakhomo la wina n'kunena motsitsa mawu kuti, "Odi." Palibe amene ankawabweza. A Gwape ankawayalira chiguduli. A Nkhanga ankawasungira kachinangwa kootcha, n'kumanamizira kuti n'kotsala kwa ana. Tsiku lina kukuzizira, a Gwape adawalowetsa m'nyumba, koma mwana adagubuduka ali m'tulo n'kulasidwa ndi munga pantchafu. A Gwape adangozula mungawo n'kumutonthoza mwanayo. A Nanungu okha adanyamula chiguduli chawo n'kubwerera pakhonde, ndipo sadalowenso m'nyumba ya mwini.

M'mawa uliwonse ankasesa pabwalo pamene agona, kuthokoza kwake kumeneko, uku akuimba nyimbo yawo. Nyimboyo inkapempha mvula kuti iyambe yaima kutsidya, monga timamuimikira mlendo panja kuti tiyambe takonza m'nyumba. Pothera pake inkafunsa mvulayo ngati nayonso imaodira ikamalowa kwa eni. Ana a m'mudzimo ankakonda pothera pakepo, ndipo akulu ankaiimba osadziwa kuti akuiimba.

Padalinso Nalimata, kabuluzi kotuwa kokhala m'madenga. Iye adalibe nyumba ndipo sankaifuna. Denga lililonse lidali lake, nkhani za banja lililonse ankazidziwa, ndipo pakamwa pake anthu ankapaopa. Koma a Nanungu ankawakonda. Tsiku lina kabawi atamudula mchira, Nalimata adathawira pakati pa minga yawo, iwo n'kungokhala duu, osagwedezeka, mpaka kabawi adatopa. Nkhaniyo a Nanungu sadauze munthu, ngakhale kumukumbutsa mwini wake.

Mitambo itayamba kusonkhana, Nalimata adatsika padenga.

"Azakhali, mitambo iyo mwaiona? Khonde silitchinga mvula ya mphepo."

"Ndaiona, mwanawe."

"Nanga ku boma osapita bwanji? Chaka ndi chaka mudzi wonse umapereka udzu ndi nsungwi kwa mfumu yaikulu, amisiri ake n'kulukira osowa madenga. Ine ndagonamo. Alipo asanu ndi limodzi, angokhala pabwalo ngati mazira opanda make."

"Ine manyazi."

"Manyaziwo ndisenza ndine. Inu senzani tsache."

Nduna yoyang'anira madenga idali a Mphalapala. Masiku amenewo nyanga zawo zidali zowongoka ngati mikondo.

"Odi, bwana nduna," adatero a Nanungu.

"Fikani, mayi. Khalani apa." Adawapatsa mpando wawo womwe, iwo n'kuima chilili. Nalimata adafotokoza zonse, za moto, za makonde, za mitambo.

"Denga lilipo, ndipo mayiwa ndi oyenera," adatero a Mphalapala. "Zipupa zili kuti?"

"Zipupa palibe, bwana."

"Apo ndiye pavuta. Chaka chatha ndidapereka udzu ndi nsungwi kwa mabanja atatu opanda zipupa. Zidangowolera pansi, chiswe n'kumaliza. Mfumu idandiitana, ndipo zimene idanena sindingabwereze pamaso pa mayi. Tsopano lamulo n'lakuti zipupa ziyambe zaima, denga pambuyo. Pitani kwa a Njiri."

Potuluka adawapatsa kamtolo ka udzu wofewa kuti azikagonera. A Nanungu adaomba m'manja, ndipo m'njira adaimba nyimbo yawo ija, kupempha mvula kuti idikire kutsidya.

A Njiri adali kapitawo wa dima, gulu lija lothandizana ntchito, lomangira anzawo zipupa popanda malipiro. Adawapeza akuponda dothi.

"Alamu anga!" adafuula a Njiri. "Mwabwera kudzandifunsira banja kodi?"

"Ndi nkhope imeneyo, kapitawo?" adatero Nalimata. "Ngakhale madzi a pachitsime amatsinzina mukamaweramira."

"Iwe kamchira koduka, khala chete akulu akamacheza."

A Nanungu adaseka ataphimba kukamwa. Nalimata adanena chimene adadzera.

"Zipupa n'zosavuta, tsiku limodzi zaima," adatero a Njiri. "Malo ali kuti?"

"Malo palibe."

A Njiri adasiya kuseka. "Tidamangapo pamalo osalozedwa, alamu. Mwini malo atabwera, tidagumula ndi manja athu omwe. Anyamata anga adalira ngati ana. Sindingawachitenso zimenezo. Pitani kwa a Mfuko akakulozereni malo, ife tibwera ndi makasu."

Akulankhula choncho adaona kuti tsache la a Nanungu lamasuka. Adalitenga osafunsa, kulimanga ndi luzi latsopano, n'kuwabwezera. M'njira a Nanungu adaimbanso nyimbo ija, koma mawu adali atachepa.

A Mfuko adali nyakwawa yoloza malo, munthu wofatsa, wosaona bwino. Adatulutsa mphuno kuuna kwawo.

"Ndani? Fungo la tsache latsopano. A Nanungu kodi? Fikani, mayi."

Adamvetsera mpaka Nalimata adamaliza, kenaka adafunsa, "Denga lili kuti?"

"Lili ku boma, likudikira zipupa."

"Hmm. Ine ndidaloza malo anayi, mwana wanga. Zipupa zidaima, denga silidabwere, mvula idasungunula zonse. Lero pamamera chitedze, ndipo eni mbumba amati ndimamwaza nthaka ya makolo. Ine maso ndilibe, malonjezo sindiwaona. Koma tsiku limene ndidzamve mthunzi wa denga pamsana panga, malo ndidzaloza nthawi yomweyo."

Adawaperekeza mpaka pamphambano, ngakhale kuti dzuwa linkawawawa m'maso. Ulendo uno a Nanungu adayamba nyimbo, koma pothera pake sadafikepo.

"Onsewa ndi anthu abwino," adatero.

"Abwino inde, koma aliyense wagwira mchira wa mnzake, akungozungulira."

"Usavutike, mwanawe. Kuphiri kuli mapanga."

Nalimata ankadziwa, monga ankadziwira aliyense, kuti kumapangako kumakhala kambuku, ndipo nkhalamba yopita kumeneko nyengo ya dzinja siibwerako.

M'mawa mwake anthu podzuka adapeza mabwalo onse a m'mudzi atasesedwa, osati limodzi ayi, onse. Tsache lidali litatsamizidwa pakhomo la a Gwape, chiguduli chitapindidwa bwinobwino, kamtolo ka udzu kali pamwamba. Nalimata ataona tsachelo adadziwa kuti a Nanungu alowera kuphiri. Mitambo nayo idali itada.

Adathamangira kwa a Njiri.

"Kapitawo, ndamva zonyoza ku boma."

"Zotani?"

"Akuti denga latsopano lija n'lolemera, dima lanu silingalitukule ngakhale kufika m'mawondo. Akuti inu mumangodziwa kusewera ndi matope ngati ana."

"Wanena ndani?"

"Ine ndimakhala m'denga, kapitawo. Nkhope sindiona, ndimangomva mawu."

"Mbidzi! Nguluwe! Insa! Siyani makasu, itanani anzanu! Tikaone denga limeneli!"

Iwo akusonkhana, Nalimata adadutsa chidule n'kuyamba kufika kwa a Mphalapala.

"Bwana nduna, ine kusukulu sindidapite. Ndiphunzitseniko. Chipupa n'chiyani?"

"Chipupa ndi chinthu choima chilili, chozungulira, chosenza denga."

"Chikhale cha dothi basi?"

"Cha dothi, cha mitengo, cha bango, zilibe kanthu. Bola chiime, chizungulire, chisenze."

"Mwanena pamaso pa amisiri anu?"

"Ndanena. Ukufunsiranji?"

"Chifukwa zipupa za a Nanungu zikubwera apo."

"Zikubwera? Zipupa zimayenda?"

Asanamalize, dima lidalowa pabwalo, fumbi koboo. A Njiri sadapereke ndi moni womwe. Adaloza denga lalikulu, anyamata adalizungulira, kugwira m'mphepete, kuwerama, ndipo ndi mfuu umodzi adalitukula n'kulikhazika pamitu.

"Nanga wonyoza uja ali kuti?" adafuula a Njiri ali pansi pake. "Abwere adzaone!"

Nalimata adali atakwera kale pansonga. "Nazo, bwana nduna. Zaima, zazungulira, zasenza."

"Tsitsani!" adakuwa a Mphalapala. "Tsitsani msanga denga la mfumu!"

"Ayi, bwana, ayi!" amisiri onse adalira pamodzi. Pakuti m'dziko limenelo mudali mwambo umene ngakhale mwana ankaudziwa: denga likakwera pamitu silibwereranso pansi mpaka litapeza nyumba yake. Kulitula pansi n'kuitanira mudzi maliro. A Njiri nawo adakumbukira, mochedwa.

"Kamchira koduka iwe! Watiika m'msampha!"

Pamenepo denga lidayamba kupendama. Mbali imene kudali Insa, amene adali wamng'ono mwa onse, khosi lake linkapindika. A Mphalapala sadaganize za lamulo kapena za mfumu. Adangoona kuti mwana wa eni athyoka. Adalumphira pansi pa denga, kukankhira Insa kunja, n'kuikapo mutu wawo. Nyanga zawo zidalowa pakati pa phaso, nsungwi zija zogwira udzu, n'kukodwa momwemo.

"Iwe buluzi, ndikangotuluka muno!"

"Mutuluka, bwana, denga likapeza nyumba yake. Tiyeni, phazi lamanzere. Kwa a Mfuko."

Lidanyamuka denga, miyendo makumi anayi pansi pake, nduna ili pakati pa oponda dothi. Mbidzi adaponda a Mphalapala, n'kupepesa. A Mphalapala adaponda Nguluwe, nawonso n'kupepesa, chinthu chimene Nguluwe adali asanamvepo chibadwire.

A Mfuko adali atatulutsa msana kuti aothe kadzuwa kotsala. Mwadzidzidzi kudazizira.

"Mtambo kodi?"

"Papasani, anyakwawa," adatero Nalimata.

A Mfuko adanunkhiza. "Udzu wouma. Nsungwi. Luzi. Ili ndi denga!" Adatuluka thupi lonse, chinthu chosaonekaoneka. "Ndidanena ndekha. Nditsateni." Adawatsogolera mpaka pafupi ndi nyumba ya a Gwape, kuzungulira katatu akukanda pansi, n'kunena, "Malo ndi ano."

"Malo aoneka, kapitawo," adatero Nalimata. "Zipupa tsiku limodzi, mudatero."

"Ndimange ndi chiyani, ndi mchira? Omanga tonse tili pansi pa denga!"

Nalimata adaima pansonga n'kuitana mudzi wonse. Adabwera a Gwape ndi nsichi, mitengo ija yoimika m'chipupa. Adabwera a Nkhanga ndi mitsuko ya madzi. Anamzeze adatuta dothi kukamwa, kamodzikamodzi monga amachitira. Chiswe nacho chidabwera, chamanyazi chifukwa cha udzu uja chidadya chaka chatha, n'kuyamba kumata osayang'ana nduna kumaso. Adabweranso ena ogona m'makonde, amene palibe adawaitanapo ku dima chiyambire, ndipo adagwira ntchito ngati nyumbayo ndi yawo.

Koma osenza adayamba kutopa.

"Khosi langa, mayo!" adalira Mbidzi.

"Imbani," adatero Nalimata. "Denga limapepuka ndi nyimbo."

Nyimbo imene onse ankaidziwa, nduna ndi chiswe chomwe, idali imodzi yokha. Adaiyamba a Njiri ndi mawu awo okhakhala, kupempha mvula kuti iyambe yaima kutsidya, ndipo mudzi wonse udavomera.

Nalimata adakwera pamsana pa Namzeze, ulendo wa kunjira ya kuphiri. Adawapeza a Nanungu ataima, khutu atalozetsa kumudzi.

"Nyimbo ija akuiphonya pothera pake," adatero a Nanungu. "Akuthamanga nayo."

"Azakhali, tiyeni tibwerere."

"Ayi, mwanawe. Ndatopa n'kuodira. Anthu aja ndi abwino, asamavutike nane."

Nalimata adawayang'ana. Adadziwa kuti akanena kuti nyumba ndi yawo, manyazi awathamangitsira kuphiri msanga kuposa kambuku.

"Ine sindikukuitanirani zanu ayi. Kuli anthu khumi apanikizidwa ndi denga. Nsichi zaima, koma luzi lomangira denga silikulowa mu udzu, pakufunika chobayira chachitali. Mudzi wonse wafunafuna, palibe. Khosi la a nduna, aja adakupatsani mpando, latsala pang'ono kuthyoka."

"Iii! Nanga osanena msanga bwanji?"

Adathamanga a Nanungu kuthamanga kumene sadathamangepo ngakhale tsiku la moto. Atafika sadafunse kanthu. Adazula munga wawo wautali koposa, umene udali usanagwedere n'komwe, osalira, kumangirira luzi kumapeto kwake, n'kuyamba kusoka denga kunsichi, mfundo ndi mfundo. Pakati pa mfundo ankatunga madzi m'chikho n'kumwetsa osenza, mmodzimmodzi. Atafika pa a Mphalapala adawamwetsa, kenaka adawapukuta thukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Pepani, bwana. Pirirani pang'ono."



Nsichi zitayamba kulandira denga, osenza adatuluka mmodzimmodzi akuwongola makosi. Dima lidagwira dothi, zipupa n'kukwera mofulumira. Omaliza adali a Mphalapala. Powakoka, nyanga zidatuluka zitapindikira kumbuyo, ndipo pakhomo sadathe kudutsa mpaka a Njiri adalikuza. Lidakhala khomo lotakasuka, loti nungu n'kulowa minga osakhudza mbali.

A Gwape adabweretsa tsache lija mwakachetechete. A Nanungu adasesa zinyalala za ntchito pabwalo ponse, kenaka adayang'ana uku ndi uku.

"Nyumba yabwino," adatero. "Khonde lake n'lalikulu. Eni ake ndani, ndiwapemphe?"

 A Nkhanga adayang'ana kumbali akupukuta m'maso.

"Malowa ndaloza inu, mayi," adatero a Mfuko.

"Zipupazi ndi zanu, alamu," adatero a Njiri. "Za banja zija tikambirana."

"Denga ndi lanu," adatero a Mphalapala. "Udzu wake mudapereka nawo zaka zonsezi." Adatembenukira kwa anzawo awiriwo. "Atsala madenga asanu, ndipo ogona m'makonde ndawaona lero ndi maso anga. Mawa tikumane atatu tonse pamalo amodzi, inu ndi chala cholozera, inu ndi makasu, ine ndi denga. Pasakhalenso wodikira mnzake."

"Nanga mfumu ikafunsa za lamulo?" adatero a Mfuko.

"Ndikaionetsa nyanga."

"Ndipo zipupa zanu za mawa zikhale zopanda miyendo," adatero Mbidzi akusisita khosi.

Akuseka choncho, dontho loyamba lidagwa pamphuno pa a Njiri. Lachiwiri, lachitatu, kenaka mvula idakhuthuka. Aliyense adathamangira kwawo, amayi akuitana ana, a Mfuko akufunsa njira.

A Nanungu adatsala okha pakhomo, tsache lili m'manja, madzi akutsika m'minga. Adayang'ana m'katimo. Adaponya phazi, n'kulibweza.

"Odi," adatero motsitsa mawu.

Palibe adayankha.

"Odi."

"Azakhali," adatero mawu kuchokera m'denga, "mukuodira yani?"

"Kulowa kwina ndidakuiwala, mwanawe."

 Nalimata adati, "Ndiye bwerezani."

"Odi."

"Odini. Lowani, mwafika kwanu."

A Nanungu adalowa. Adatsamiza tsache kuseri kwa khomo, n'kukhala pakati penipeni, pamene minga yawo sikadalasa munthu. Adatambasula minga yonse, koyamba chipsere nyumba ija. Pamwamba mvula inkagogoda pa udzu.

"Wamva?" adatero. "Ikuodira."

"Ndiiyankhe chiyani?"

"Iuze kuti khonde lilipo."

N'chifukwa chake mpaka lero nyanga za mphalapala zidapindikira kumbuyo, ndipo nalimata mukamuona m'denga mwanu musamuthamangitse, akuyang'ana ngati mfundo zija zikadagwira. Nthano yanga yalowa m'nyumba, yatseka chitseko. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaione, ingapserere.